Masamba aawisi pamphambano

Mbiri ya dziko lino ikadzalembedwa mosakondera, dzina langa lidzakhala koyambirira kwa mutu wonena za chitukuko, pakuti ine ndiye munthu woyamba m'mapiri onse a Dowa ndi Ntchisi kukweza banja lake pangolo n'kupita nalo kukagona kutchire popanda chochithawa. Kunalibe nkhondo, kunalibe njala, nyumba sinapse. Tinangopita kukasangalala, monga amachitira anthu a m'mabuku. Chimene ndingapemphe olemba mbiriwo n'chakuti asakafunse apongozi anga, asakafunsenso aliyense wa pakati pa Malomo ndi Mponela amene anali ndi makutu chaka chimenecho. Komanso asalembe kuti tinagonako, chifukwa dzuwa lisanalowe tinali titabwerera.

Ndiyambe ndi maphunziro anga, poti ndiwo anayambitsa zonse. Ndinakhalako kukoleji ya aphunzitsi materemu awiri athunthu. Ndinachokako chifukwa chosiyana maganizo ndi aphunzitsi a masamu (iwo ankati ndalephera, ine ndinkati ayi, ndipo akuluakulu a koleji anakondera mnzawo). Kumudzi ndinabwera ndi tayi imodzi ndiponso buku la kulaibulale limene mpaka lero ndikukonzekera kukabweza. Bukulo linali lophunzitsa kugona kutchire. Munali chithunzi cha banja la azungu m'mbali mwa nyanja, pansi pa mitengo italiitali: bambo akukazinga nsomba, mayi akumwetulira pakhomo pa tenti, ana akuthamanga ndi galu. Apongozi pachithunzipo panalibe. Ichi ndinayenera kuchiona msanga.

Nthawiyo n'kuti ndili pachikamwini chaka chachisanu, kwawo kwa mkazi wanga Nambewe, kumtunda kwa Malomo. Ndinali nditapempha chitengwa kawiri, kuti ndimutenge iye ndi kamwana kathu Rute tikakhale kwathu kufupi ndi Mponela, kumene kunali munda wangawanga. Woyankha pempholi anali amalume ake a Nambewe, a Yotamu, mkulu wa mpingo, munthu woyenda ndi buku la nyimbo m'thumba la jekete ngakhale popita kudimba. Koma mudzi wonse unkadziwa kuti a Yotamu ankangotulutsa mawu, maganizo ankachokera kwa mlongo wawo, apongozi anga aakazi. Ulendo wachiwiriwo yankho linali lakuti, "Tikuoneni kaye, akamwini, ngati mungasunge anthu." Nditacheuka ndinaona apongozi aamuna, a Mbewe, akusoka mphasa pakhonde. Iwowo anayamba kuonedwa zaka makumi atatu zapitazo, ndipo anali akuonedwabe. Chawochawo pamudzipo chinali chitseko cha matabwa a mlombwa chimene anagula chaka china fodya atayenda bwino, ndipo Loweruka lililonse ankachipukuta ndi kansanza. Ndinachita mantha.

Ndiye ndinati ndiwaonetse. Munthu amene angasunge banja pathengo, popanda denga kapena nkhokwe, angalephere bwanji kulisunga ku Mponela? Nyanja yeniyeni inali kutali, koma m'munsi mwa nkhalango, ulendo wa maola atatu pangolo, munali damu limene a zankhalango anatchinga kuti azithirira mbande zawo. Linali pakati pa mitengo ya misuku ndi mombo, ndipo ukaliyang'ana utatsinzina diso limodzi linkafanana ndithu ndi nyanja ya m'buku. Tenti ndinalibe. Ndinabwereka lona kwa dalaivala wina wa lole yonyamula fodya, poti msika wa fodya unali utatsekedwa.

"Bambo a Rute," anatero Nambewe nditamufotokozera, "nyumba yathu yatani?"

Ndinamuuza kuti nyumba ili bwino, koma anthu otsogola amaisiya dala kuti akapitidwe mphepo. Anayankha kuti mphepo ikutipeza kale kudzera padenga limene ndinalonjeza kufolera fodya asanagulitsidwe. Komabe anakanena kwa mayi ake, ndipo anabwerako ndi yankho lodabwitsa: apongozi avomera. (Ndinadziwa pambuyo pake kuti anamva zoti kudamuko kuli dongo labwino la mbiya, ndipo ankangofuna ngolo.) A Yotamu anati atipeza chakumasana panjinga, akatha zokambirana za kutchalitchi. A Mbewe anauzidwa kuti atsala kuyang'anira mbuzi.

Lachisanu ndikupinda lona, a Mbewe anandiyandikira, singano ya mphasa ili m'manja. Anati iwonso chaka chawo chachisanu anali ndi nzeru. Anagula wailesi kuti anthu aone kuti iwo ndi munthu woyenera kupatsidwa chitengwa. Ndinafunsa kuti zinatha bwanji. Anati akuluakulu anaimvetsera sabata yathunthu, n'kugamula kuti wailesi yabwino chotere isachoke pamudzi. Ndinawaseka mumtima. Wailesi si buku.

Tinanyamuka Loweruka mbandakucha. Apongozi anakhala kumbuyo kwa ngolo atandifulatira, ine ndinkayenda kutsogolo kwa ng'ombe, monga mwambo umafunira kuti mkamwini ndi mpongozi wamkazi asamaonane maso. Pakati panali Nambewe, mng'ono wake Esinati, Rute, lona, mphasa, miphika ndi makasu. Ndinavala tayi. Amayi amene tinkakumana nawo popita kuchitsime ankafunsa kuti ulendo ngwakuti m'mawa chonchi, ndipo Nambewe, pochita manyazi kunena kuti tikukagona pansi pa mitengo tili ndi nyumba, ankayankha kuti tikuperekeza amayi kuchipatala cha mishoni, msana wawavuta. Ndinamva, koma sindinatsutse. Munthu wophunzira sakangana ndi mkazi wake pamaso pa ng'ombe.

Pamene kanjira ka kudamu kamapatuka pamsewu waukulu, ndinauza Esinati kuti apitirire ndi ng'ombe, ine ndinatsala n'kutsegula buku. Linkati wotsogola asiye chizindikiro cha timitengo kuti obwera pambuyo asasochere. Ndinayala timitengo touma, koma pafumbi lofiira lija sitinkaoneka, ndipo a Yotamu akakhala panjinga sayang'ana pansi. Ndiye ndinatenga chikwanje, ndinadula nthambi za masamba aawisi n'kuzindanda modutsa msewu. Kenaka, pokhala munthu wosamala, ndinayenda kamtunda pang'ono kupitirira mphambano n'kundandanso zina, kuti akaphonya zoyamba aone zachiwiri.

Owerenga, ndikudziwa. Musandiuze. Ndinabadwira konkuno, ndipo ndisanadziwe kulemba dzina langa ndinkadziwa kale kuti masamba aawisi pamsewu, uku ndi uku, amanena chinthu chimodzi chokha: pano pali maliro, wanjinga atsike, wachipewa avule. Koma m'mawa umenewo mutu wanga wonse unali m'buku, ndipo anthu a m'bukumo sankafa.

Malo anali okongola, zimenezo palibe angatsutse. Madzi ali phee, mitengo ikuphuka masamba ofiira, mbalame zoyera zitaima ndi mwendo umodzi tsidya lina. Rute anathamangira kumadzi n'kuyamba kutola tizigoba. Ndinamanga mtanda pakati pa misuku iwiri, ndinapachikapo lona, m'mbali ndinakhomera zikhomo. Litaima, vuto loyamba linaonekera. Tenti inali imodzi, ndipo apongozi analipo. Ndinafufuza buku lonse, silinanenepo kanthu. Tinagwirizana kudzera mwa Nambewe kuti amayi akhale mkati, amuna panja. Ndinasonkha moto chapatali ndi zikuni zikuluzikulu, n'kukunkhunizirapo chipika choti adzakhalire a Yotamu. Apongozi, amene ngolo inawagwedeza mpaka mutu kuwawa, anameza mapiritsi awiri, anagona chagada pamphasa pakati pa tenti, n'kudzifunda chitenje kuyambira kumapazi mpaka kumutu chifukwa cha ntchentche. Nambewe anakhala kumutu, Esinati kumiyendo, akusankha nyemba.

Ndinayesako kuwedza kuti ndifanane ndi bambo wa pachithunzi uja, koma nsomba za m'damu la boma sizidya nyambo ya munthu wamba. Ndiye ndinapita ku mutu wachinayi, wonena za ukhondo. Unkati chimbudzi cha pakampu chikhale ngalande yaitali koma yopapatiza, chapatali pang'ono ndi tenti, pansi pa mitengo. Ndinayeza ndi mapazi: asanu ndi limodzi m'litali, awiri m'lifupi. Dothi ndinkaliunjika bwinobwino mbali imodzi.

Dzenje litafika m'mawondo, a Yotamu anatulukira. Sanakwere njinga. Ankaikankha pang'onopang'ono, chipewa atachikoleka pachiwongolero.

"Akamwini, mwasankha tsiku loipa," anatero motsitsa mawu. "Kuno kwagwa zovuta. Simunaone masamba pamphambano?"

Mawu oti ndinene anali ochepa, ndipo ndikanawanena bwenzi nkhani ino kulibe. Koma ndinayang'ana nkhope ya munthu amene chitengwa changa chinali m'thumba mwake, pamodzi ndi buku la nyimbo, ndipo ndinadzimva ndikuyankha kuti mwina awayala ife titadutsa kale.

A Yotamu anati popeza tili m'dera la eni, tisachite phokoso. Rute achoke kumadzi akakhale ndi mayi ake, ndipo atsikanawo, m'malo mocheza nkhani zachabe, aziimba nyimbo ya Mulungu chapansipansi, kuti ofedwa akamva adziwe kuti alendowa ndi anthu aulemu. Tikadya tikafufuze kumene kuli siwa, tikapepese. Anatulutsa buku, anawayambitsira nyimbo ija timaimba poperekeza munthu kumanda, n'kupita kukakhala pachipika pafupi ndi moto, mutu ataweramitsa.

Ndinaganiza zothamangira kumsewu kukachotsa masambawo. Koma kanjira kankadutsa pamaso pawo penipeni, ndipo ndikanati ndikupita kuti? Ndinati ndimalize kaye dzenje, mwina awodzera. (Anthu ambiri otchuka akhala akuthetsa mavuto awo pokumba mozama dzenje limene alimo kale. Pa ichi chokha sindinali woyamba.)

Litafika m'chiuno, ndinaona munthu ataima pakati pa mitengo, njinga yake ili ndi dengu kumbuyo, chipewa chili pachifuwa. Anali Lufeyo, wogulitsa nsomba zouma, amene ankayenda midzi yonse kuchokera ku Malomo ndipo ankadziwa ng'ombe za aliyense. Tsopano taimani pamene iye anaima, muone zimene anaona. Lona lakuda. Mkati mwake munthu wofundidwa mpaka kumutu, ana ake aakazi akuimba uku ndi uku. Panja mlongo wake, mkulu wa mpingo, ataweramira moto dzuwa likuswa mtengo. Ngolo itaima pambali, ngati inanyamuka kupita kuchipatala n'kulephera kufika. Ndiye pansi pa mitengo, mkamwini wa tayi ali m'dzenje la mapazi asanu ndi limodzi. Lufeyo anandiweramira. Ine, poti ndinaleredwa bwino, ndinamuweramiranso. Anatembenuza njinga.

Patapita ngati ola, kunafika adzukulu okumba manda a mudzi wapafupi, amuna asanu ndi mmodzi a makasu ndi mafosholo, wowatsogolera ali bambo wamfupi wandevu, a Sandifolo. Anaima m'mphepete mwa dzenje langa n'kuliyang'ana monga mmisiri amayang'anira ntchito ya wophunzira.

"Tulukanimo, bambo," anatero mofatsa. "Mwini zovuta sakumba. Komanso kuno si kumanda, manda athu ali kuseri uko. Ndiponso mwalozetsa kolakwika."

Ndinawauza kuti chimene ndikukumba ndi chimbudzi. A Sandifolo anayang'ana anzawo n'kunena kuti chisoni chimabwera mosiyanasiyana, chaka chatha wina anakwera mumtengo n'kukana kutsika. Anandigwira mkono, ananditulutsa, anandilanda khasu, n'kukandikhazika pamoto pambali pa a Yotamu.

Pamenepo n'kuti amuna ena akufika awiriawiri, aliyense ndi chikuni, n'kukhala pansi osalankhula. A Yotamu anaganiza kuti awa ndiwo ofedwa aja, apatuka kudzaona alendo. Anaimirira, anagwira aliyense chanza ndi manja awiri, nati pepani, taona zimene zagwa. Iwo anati pepani ndinu. A Yotamu anati zonse ndi za Mulungu. Iwo anati indedi. Kenaka onse anakhala chete, poti pamaliro munthu safulumira kufunsa, ndipo anakhala choncho nthawi yoti n'kuphika nyemba, mbali iliyonse ikudikira kuti inzake ifotokoze mmene matenda anayendera. Yekhayo amene ankadziwa zonse ndinali ine, ndipo ndinkayang'ana nyerere. Kawiri ndinatsegula pakamwa. Kawiri konse bambo wina wokalamba anandisisita paphewa nati ndisadzikakamize, mawu adzabwera okha.

Kenaka kunamveka amayi. Ankatsika chitunda mondondozana, malichero a ufa ali pamutu, wina nkhuku ili m'khwapa, ndipo atafika poti n'kuona lona anayamba kulira monga mwa mwambo. Nambewe anandiuza pambuyo pake kuti iye ndi Esinati anaganiza zofanana ndi amalume awo, kuti ofedwa abwera, ndipo munthu wolira sumulandira ndi maso ouma. Anayamba kulira nawo. Rute ataona mayi ake akulira, anatsegula kukamwa konse. M'tentimo munalowa amayi ochuluka kuposa mabelo a fodya amene lonalo linaphimbapo, onse atazungulira mphasa.

Mapiritsi aja anali amphamvu, koma osati chotere. Chitenje chinagwedezeka. Apongozi anadzuka n'kukhala tsonga, nsalu ikadali kumutu, ndipo pomva kuti anthu akulira, nawonso anayamba kulira mokweza, poti ndi mayi wodziwa khalidwe. Atalira mokwanira anavundukula nkhope n'kufunsa mayi amene anali pafupi:

"Watisiya ndani?"

Chibadwire sindinaonepo anthu akuvutika chotero kutuluka m'nyumba yopanda zipupa. Ena anatulukira kutsogolo, ena kumbuyo, ena anaboola njira pamene panalibe njira. Wina anagunda mtanda, lona lonse linagwa, ndipo kwa kanthawi linkayenda lokha kulowera kudamu lili ndi miyendo isanu ndi itatu. Nkhuku inapulumuka. A Sandifolo, munthu amene anatsitsira m'manda anthu osawerengeka, ndinawaona ali kuseri kwa ng'ombe. Pamphasa panatsala apongozi okha, ufa uli mbuu m'mutu, akuyang'ana khamu la anthu osawadziwa.

Zitadekha, a Yotamu anafunsa funso limene linayenera kufunsidwa kalekale: kodi maliro ali kuti? Eni dera anati iwo anauzidwa ndi Lufeyo, ndipo anakaona okha masamba pamphambano. A Yotamu anati masambawo nawonso anawaona. Nanga anayala ndani? Ndiye Esinati, mlamu wanga, amene ndinamugulirapo sopo wonunkhira kawiri konse, anapukuta misozi nati, "Alamu anatsalira kumsewu ndi chikwanje."

Ndinaimirira, ndinakonza tayi, ndinatulutsa buku n'kuyamba kufotokoza za chizindikiro cha wotsogola. Ndinaonetsa ndi chithunzi chomwe. Bukulo linayenda m'manja mwa anthu onse, aliyense akuliyang'ana n'kuyang'ana ine. Mayi wina anafunsa ngati azungu a pachithunziwo nawonso anafedwa. A Yotamu anangondiyang'ana monga amayang'anira munthu amene wabwera kumgonero akununkha mowa.

Anthu anayamba kuseka, kupatula bambo wina wa malaya a chipani. Anali tcheyamani wa m'deralo, ndipo anabwera atakonzeka kukalankhula kumanda. Ana a lero sangamvetse, koma masiku amenewo anthu ochuluka chotere kukumana m'nkhalango popanda chilolezo inali nkhani yoti munthu n'kukwezedwa galimoto abale ake osauzidwa kumene wapita.

"Ngati pali maliro, ndi maliro," anatero. "Ngati palibe, uwu ndi msonkhano. Waitanitsa ndani, ndipo kalata ili kuti?"

Kuseka kunatha. Ndiulule, kwa kamphindi ndinayang'ana kumene kunali apongozi ndi maso opempha, ngati angagonenso pang'ono. Amene anandipulumutsa ndi a Yotamu. Anapinda manja nati, a tcheyamani, msonkhano ungakhale msonkhano inu musanautsegule? Anthu awa Mulungu wawasonkhanitsa, ndipo ali ndi njala ya mawu anu. Tcheyamani anaganiza, anaona kuti zolankhula anali nazo kale, n'kukwera pachipika. Analankhula ola lathunthu za umodzi ndi kumvera, malo ena n'kumaiwala kuti zinthu zasintha, mpaka kunena kuti malemuwa anali mayi wolimbikira ntchito ndi wokonda chipani. Apongozi anali pomwepo akugwedeza mutu movomereza. Pomaliza analoza dzenje langa nati ichi ndicho chitukuko chimene boma likufuna, chimbudzi paliponse, ngakhale pamene palibe nyumba. Anthu anawomba m'manja. M'moyo wanga wonse ndi nthawi yokhayo imene ndinayamikiridwa pagulu.

Ufa wobwera pamaliro subwerera kunyumba, choncho amayi anakoleza moto, nkhuku ija inagwidwa, ndipo tinayamba kudya. Mtima unayamba kukhala pansi. Ndinayang'ana madzi, mitengo, ana akuthamanga, anthu akucheza, ndipo ndinaona kuti kupatula kuchuluka kwa anthu, chithunzi cha m'buku chija chakwaniritsidwa. Ndinali nditaiwala kuti njinga ya Lufeyo sinathere pamudzi woyamba, ndiponso kuti kwawo kwa Nambewe anthu anatsala akudziwa zoti apongozi apita kuchipatala.

Dzuwa litapendeka tinamva kulira kwina kuchokera kumsewu, kokulirapo, ndipo mawu ake tinkawadziwa. Unali mudzi wathu wonse, Lufeyo akukankha njinga pakati pawo. Patsogolo panali a Mbewe, opanda nsapato, jekete atamanga mabatani molakwitsa, akuthamanga monga sindinaganizepo kuti angathamange. Sankalira mokuwa ngati enawo. Ankangoitana dzina la paubwana la apongozi, limene ine ndinali ndisanalimvepo, mobwerezabwereza, ngati munthu woitana mwana wotayika pamsika. Atafika pamoto anawaona ali pamphasa, mwendo wa nkhuku uli m'manja. Anaima. Anakhala pafumbi pomwepo, n'kuyamba kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Palibe anaseka nawo. Ine ndinavula tayi n'kuiika m'thumba.

Apongozi anaika mwendo wa nkhuku uja m'mbale. Kenaka anafunsa, mawu ali otsika kuposa masiku onse, kuti mbuzi asiyira ndani. A Mbewe anati mbuzi zili bwino. Koma chitseko.

"Chitseko chatani?"

"Ndazula. Chili kwa kalipentala." Anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete. "Ndinati musapite m'mphasa ngati munthu wopanda wake."

Apongozi anatsegula pakamwa, ndipo tonse tinadikira bingu. Silinabwere. Anang'amba nyama ija pakati n'kuwapatsa mbali yaikulu, pamaso pa midzi iwiri. Atatero anatembenukira kwa Nambewe, poti ine sangandilankhule mwachindunji.

"Umuuze mwamuna wako amange ng'ombe."

Tinabwerera dzuwa likadalipo, ngolo patsogolo, mudzi wonse pambuyo, dongo la mbiya osatapa. Pamphambano ndinatumidwa kuchotsa masamba anthu onse akuonerera, oyamba ndi achiwiri omwe. Lufeyo, pofuna kuchotsa manyazi ake, anapalasa kukaimitsa kalipentala, ndipo anamupeza atangolemba mizere ndi pensulo, sowo isanalowe. Mizereyo ilipobe mpaka lero. A Mbewe akamapukuta chitseko amailambalala, ndipo apongozi, amene amadzudzula chilichonse, pa mizereyo sananenepo kanthu.

Nkhani ya chitengwa inakambidwa Lamulungu linalo, titaweruka kutchalitchi. Ndinakonza mfundo zanga bwinobwino: palibe anafa, aliyense anadya, ngakhale boma linayamikira. A Yotamu anamvetsera zonse moleza mtima, anakalowa m'nyumba kwa mlongo wawo, n'kutuluka posakhalitsa.

"Akamwini, akuti mtima wanu ndi wabwino," anatero. "Koma akuti ngati mwalengeza maliro a munthu wamoyo tili nanu pafupi, mutakhala kutali mungaike ndani? Mukhale pompano, tizikuonani."

Ndili pompano. Munda wa ku Mponela akulima mphwanga. A Mbewe anandisunthira malo pakhonde n'kundiphunzitsa kusoka mphasa, ndipo madzulo timamvera limodzi wailesi ija. Kukagwa zovuta m'mudzi muno, amene amatumidwa kukayala masamba pamsewu ndine. Akuti ndili ndi dzanja lake, wanjinga aliyense amatsika. Buku lija ndikadali nalo, ngakhale Nambewe amalibisa. Mutu wachisanu ndi chiwiri ndi wonena za kumanga bwato la zipika, damu lija silinaphwe, ndipo ndawerenga kawiri konse, sindikuonamo chimene chingalakwike.

Olemba mbiri aja akadzafuna kudziwa kuti chitukuko chonsechi chinandidyera zingati, alembe zoona. Lona ndinabweza long'ambika, koma dalaivala anaseka mpaka kuiwala kundilipiritsa. Nkhuku inali ya eni ake. Koma a Mbewe, pozula chitseko mofulumira, anathyola mahinjesi onse awiri, ndipo ndinakagula ena ku Malomo: matambala makumi anayi ndi asanu.